Backup Yakale Ifufutidwe Liti? Kuyerekeza Njira Zosinthira Matepi ndi Madisiki

Amene anasungapo chimanga amalidziwa vutoli. Mwakolola chatsopano, m'nkhokwe mukadali cha chaka chatha, ndipo malo ndi omwewo. Mwina mumange nkhokwe ina, apo ayi mutulutse chakale. Backup ya pa kompyuta, kutanthauza makope a mafayilo osungidwa padera kuti mubwezeretse zikatayika, imafikanso pamenepo. Tepi imadzaza, disiki imadzaza, ndipo usiku wina pulogalamu imayenera kusankha pakati pa kusiya kulemba zatsopano ndi kufufuta zakale kuti ipeze malo. Nthawi imeneyo inu mumakhala muli mtulo.

N'chifukwa chake ine ndikamayerekeza mapulogalamu a backup, sindiyamba n'kufunsa kuti amathamanga bwanji. Ndimafunsa kuti: malo akatha, pulogalamuyi imaima n'kundiitana, kapena imadya kope langa lakale mwakachetechete? Njira zonse zimene ndifotokoze pano zimasiyana pa funso limeneli.

Masiku angati?

Ambiri amawerengera masiku osungira poganiza za moto kapena akuba. Koma moto mumaudziwa tsiku lomwelo, ndipo kope la dzulo limakwanira. Choopsa ndi chija chimene chimadya m'kati ngati anankafumbwe: fayilo ya malipiro imene wina anaifufuta mwangozi mu Malichi, ndipo palibe anaifuna mpaka a odita atabwera mu Seputembala; kapena ransomware, pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo kuti muwalipire, imene yalowa n'kukhala phee kwa masabata isanatseke mafayilo. Ngati mumasunga makope a masiku 14 okha, pomwe mukuzindikira, makope onse 14 amakhala atatengera kale vutolo. Choncho nthawi yosungira iyenera kutalika kuposa nthawi imene ofesi yanu imatenga kuti izindikire kuti chinthu chasowa. Ku ma akaunti nthawi imeneyi ndi mwezi ngakhale chaka, chifukwa mabuku ena amatsegulidwa pokhapokha potseka mwezi kapena chaka.

Palinso kasamu kamene kamapunthwitsa anthu. Tinene kuti mumatenga kope lathunthu, lija amati full, Lamlungu lililonse, ndipo masiku enawo mumangotenga zimene zasintha, zija amati incremental. Mukufuna kuti muzitha kubwerera tsiku lililonse la masiku 14 apitawa. Mukaika masiku 14 pa zonse, mwadzinamiza. Tsiku la nambala 14 likhoza kukhala Loweruka, ndipo incremental ya Loweruka ilibe ntchito popanda full ya Lamlungu la m'mbuyo mwake, yomwe ili ndi masiku 20. Full iyenera kukhala masiku 21. Ngati full mumatenga kamodzi pamwezi ndipo mukufuna kubwerera masiku 30, isungeni miyezi iwiri. Mwana sangaime popanda kholo lake.

Malamulo nawo amaikapo zawo. Amene ali ndi bizinesi ku South Africa amauzidwa ndi SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, kusunga mabuku a msonkho zaka 5, pamene kampani ya ku Britain imasunga zaka 6. Kumbali inayo, malamulo oteteza chinsinsi cha anthu, monga GDPR ya ku Ulaya imene inayamba kugwira ntchito mu 2018, amaletsa kusunga zokhudza anthu kupitirira nthawi imene zikufunikira. Ndiye kunena kuti "tingosunga zonse mpaka kalekale" si yankho nthawi zonse.

Kuzunguliza wamba: chakale kwambiri ndicho chipite

Njira yosavuta kuposa zonse ndi iyi: muli ndi madisiki asanu kapena khumi, mumalemba limodzi tsiku lililonse, mukafika kumapeto mumabwerera koyamba. Palibe chovuta kukumbukira, ndipo zipangizo zonse zimatha mofanana. Koma mungabwerere m'mbuyo masiku okhawo ofanana ndi chiwerengero cha madisiki anu, basi.

Time Machine ya Apple, imene inabwera ndi Mac OS X Leopard mu 2007, inaikongoletsako njirayi. Imasunga makope a ola lililonse kwa maola 24, a tsiku lililonse kwa mwezi, kenako a sabata iliyonse mpaka disiki itadzaza. Ikadzaza imayamba kufufuta akale kwambiri. Onani kuti apa palibe lonjezo la masiku. Mukakopera mavidiyo ambiri a ukwati mlungu umodzi, mbiri ya miyezi ingapo ikhoza kupita kuti mavidiyowo apeze malo. File History ya Windows, kuyambira pa Windows 8 mu 2012, imayambira mbali inayo: mukapanda kusintha kanthu imasunga mpaka kalekale, ndipo disiki ikadzaza imadandaula. Mukhoza kuiuza kuti izisunga mwezi umodzi, chaka, zaka ziwiri, kapena mpaka malo atafunika. Kwa laputopu ya pakhomo zonsezi n'zokwanira. Kwa ofesi imene idzafunsidwa mabuku a chaka chatha, ayi.

Agogo, bambo ndi mwana

Iyi ndi njira yakale ya matepi, imene mapulogalamu ambiri amaitchula mwachidule kuti GFS (grandfather, father, son). Ana ndi makope a tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachinayi, ndipo amalembedwanso sabata yotsatira. Abambo ndi a Lachisanu, anayi kapena asanu, ndipo amakhala mwezi. Agogo ndi a kumapeto kwa mwezi, 12, ndipo amakhala chaka. Ndi matepi 20 kapena 21 mwagwira chaka chathunthu, pamene kuzunguliza wamba kukanangokupatsani masabata anayi.

Ndimaikonda njirayi chifukwa munthu aliyense mu ofesi amaimvetsa. Mukhoza kulemba pa tepi ndi cholembera kuti "Lachiwiri" kapena "Juni", ndipo ngakhale wosunga kiyi angadziwe yoti atenge. Koma ili ndi mipata imene anthu saiona. Fayilo yopangidwa pa 3 n'kufufutidwa pa 20 mwezi womwewo sidzapezeka kwa agogo aliyense, chifukwa pa 31 mwezi wapitawo inali isanabadwe, ndipo pa 30 mwezi uno inali itafa kale. Idzakhala kwa abambo okha, ndipo iwo akalembedwanso pakatha mwezi, yapita. Mukamabwerera kutali, mipata imakula: sabata ino muli ndi tsiku lililonse, chaka chatha muli ndi tsiku limodzi pamwezi. Dziwaninso kuti matepi a ana amalembedwa pafupifupi ka 50 pachaka pamene agogo amalembedwa kamodzi, ndiye ana ndiwo amayamba kutha.

Pali mbale wake wa njirayi wotchedwa Tower of Hanoi, dzina lochokera ku masewera a masamu amene Édouard Lucas anatulutsa mu 1883. Tepi A imalembedwa tsiku lililonse lachiwiri, B pa masiku anayi alionse, C pa masiku asanu ndi atatu, mpaka m'tsogolo. Ndi matepi asanu okha, kope lanu lakale kwambiri limakhala la pakati pa masiku 8 ndi 16, ndipo tepi iliyonse yoonjezera imachulukitsa nthawiyo kawiri. Papepala n'zokoma. Koma kuti munthu akumbukire kuti lero ndi tsiku la C osati la B, pamene dzulo kunali holide ndipo dzana magetsi anazima, n'kovuta. Ngati si pulogalamu imene ikukuwerengerani, isiyeni.

Bacula ndi Bareos: mawotchi atatu pa kope limodzi

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Bacula, imene Kern Sibbald anaiyamba mu 2000, pamodzi ndi mphukira yake Bareos, imasunga kalozera wa zonse zimene yalemba: fayilo yakuti ili mu ntchito yakuti, pa tepi yakuti. Ndiye ili ndi nthawi zosungira zitatu. File Retention ndi nthawi imene mayina a mafayilo amakhala m'kalozeramo, ndipo mukapanda kuisintha mu Bacula ndi masiku 60. Job Retention ndi nthawi imene mbiri ya ntchito yonse imakhalamo, masiku 180. Volume Retention ndi nthawi imene tepi kapena fayilo ya pa disiki imatetezedwa kuti isalembedwenso, masiku 365.

Choyamba kudziwa n'chakuti nthawi zimenezi zimakhudza kalozera, osati zimene zili pa tepi. Masiku 60 akatha, mafayilo anu akadali pa tepi bwinobwino, kungoti simungathenso kulowa m'mafoda n'kusankha imodzi. Mumayenera kubweza ntchito yonse, kapena kuwerengetsanso tepiyo ndi chida chotchedwa bscan kuti kalozera abwerere, ndipo pa tepi yodzaza zimenezi zimatenga maola. Ndinaonapo izi pa ofesi ina imene ndinkathandizako. Anali onyada kuti amasunga chaka chathunthu, koma tsiku limene bwana anafuna kalata imodzi ya miyezi isanu yapitayo, tinakhala mpaka madzulo tikudikira tepi kuti iwerengedwe.

Chachiwiri, wotchi ya Volume Retention imawerengera kuchokera tsiku limene tepi inalembedwa komaliza, ndipo tepi imene ikadali pa Append, kutanthauza kuti ikulandirabe zinthu, siyiganiziridwa n'komwe kuti ilembedwenso. Iyenera kukhala Full kapena Used. Tsono taganizani za ofesi yaing'ono imene yagula tepi ya LTO-8 (LTO ndi mtundu wa matepi a backup), yolowa 12 TB, koma imalemba 20 GB patsiku. Tepi imeneyo idzatenga masiku pafupifupi 600 kuti idzaze, kenako masiku 365 aja ayambe. Munkaganiza kuti mukusunga chaka chimodzi, chikhalirecho zoyamba kulembedwa zikhala zaka zoposa ziwiri ndi theka, ndipo zonse zili pa tepi imodzi yomwe ikaduka mwataya zonse. Mankhwala ake ndi Volume Use Duration, imene imatseka tepi pakatha nthawi imene mwaika ngakhale isanadzaze, kapena Maximum Volume Jobs, imene imaitseka ikalandira ntchito zingapo.

Chachitatu, Bacula ndi waumbombo ndi zakale, ndipo umbombo umenewu ndi wabwino. Nthawi ikatha sithamangira kufufuta. Ikafuna polemba imayamba yafufuza tepi ya Append mu gulu lake, limene amalitcha Pool. Ikasowa ndi pamene imayang'ana zimene nthawi yake yatha, n'kuchotsa mbiri yake m'kalozera, tepiyo n'kukhala Purged, kenako Recycle. Zimene zili pa tepi zimafa pokhapokha yayamba kulembedwanso. Ikasowa zonsezi, ndipo mulibe tepi ya padera mu Pool ya Scratch, imaima n'kutumiza uthenga kuti munthu aikemo ina. Anthu ambiri amakwiya akapeza m'mawa kuti backup sinayende, ndiye amakayatsa Purge Oldest Volume. Chonde musatero. Imeneyo imatenga tepi yakale kwambiri osayang'ana n'komwe nthawi zanu zosungira, ngakhale itakhala kuti ndi full yokhayo imene muli nayo. Mnzake wofanana naye dzina, Recycle Oldest Volume, amalemekeza nthawizo: ngati sizinathe, satenga. Mayina oyandikana, khalidwe losiyana kutalitali.

Kamsampha komaliza: tepi iliyonse imatenga nthawi yake yosungira kuchokera ku Pool pa tsiku limene yalembedwa dzina. Mukasintha Pool kuchoka pa masiku 30 kupita pa 90, matepi akale amakhalabe pa 30 mpaka mutawasintha ndi lamulo la update mu bconsole, pulogalamu yolamulira Bacula. Ndipo popeza nthawi ndi ya tepi yonse, osati ya ntchito imodzi-imodzi, musasakanize agogo ndi ana pa tepi imodzi. Pangani ma Pool atatu, lililonse ndi nthawi yake. Amene amalembera Bacula pa disiki aikenso Maximum Volume Bytes ndi Maximum Volumes, n'kuchulukitsa ziwirizo kuti aone ngati zikukwana pa disikipo, apo ayi pulogalamu idzangopanga mafayilo atsopano mpaka seva itatsamwa.

Amanda: kuwerenga matepi, osati masiku

Amanda, imene inabadwira ku University of Maryland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, poyambirira inaganiza mosiyana. Mumaiuza tapecycle, chiwerengero cha matepi amene ali mu mzere, ndipo silola kulemba pa tepi mpaka anzake onse atalandira gawo lawo. Mukaikamo tepi imene nthawi yake sinakwane, imakana, n'kusunga zimene yatenga pa disiki yodikirira mpaka mutabweretsa yoyenera. Mumaiuzanso dumpcycle, kuti pa masiku angati chinthu chilichonse chikhale chitatengedwa full, ndipo iyo imagawa yokha ntchitozo kuti usiku uliwonse ulemere mofanana.

Ubwino wa kuwerenga matepi ndi wakuti mukatseka ofesi masabata atatu pa Khirisimasi, palibe chimene chimatha nthawi mulibe. Kuipa kwake n'kwakuti a odita akafunsa kuti mumasunga masiku angati, mumayamba mwatenga kaye pepala ndi cholembera. Onetsetsani kuti matepi ndi ochuluka kuposa maulendo a dumpcycle imodzi, makamaka kawiri, kuti musalembe pa full yakale yatsopano isanathe bwino.

restic ndi Borg: kuiwala kaye, kusesa pambuyo

Mapulogalamu awiriwa ndi a pa disiki ndi pa intaneti, osati a matepi. Amadula mafayilo m'tizidutswa n'kusunga kachidutswa kalikonse kamodzi kokha, ndiye kope lililonse limaoneka ngati full ngakhale malo amene latenga ndi a zosintha zokha. Vuto lija la mwana kufa chifukwa kholo lafufutidwa kulibe: kachidutswa sikachotsedwa ngati pali kope limene likukafunabe. GFS mumailemba mzere umodzi, mwachitsanzo keep-daily 7, keep-weekly 4, keep-monthly 12.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti 7 ameneyo amatanthauza masiku 7 amene munali backup, osati masiku 7 a pa kalendala. Kwa ife amene magetsi amatithawa, kapena laputopu imakhala m'chikwama sabata yathunthu, zimenezi n'zofunika: masiku amene kompyuta inali yozima sadya makope anu.

Kufufuta kumachitika kawiri. Mu restic, forget imachotsa dzina la kope, ndipo prune ndi imene imamasula malo. Mu Borg, kuyambira pa 1.2 imene inatuluka mu 2022, prune imachotsa makope koma malo amabwerera mukayendetsa compact. Anthu amaiwala gawo lachiwirili n'kumadabwa kuti disiki siikuchepa. Chenjeraninso ngati makompyuta angapo akulembera m'nkhokwe imodzi ya Borg: mukapanda kuuza prune kuti iyang'ane mayina oyamba ndi mawu akuti, imatenga makope onse ngati a kompyuta imodzi, n'kusiya limodzi lokha pa tsiku. Onse awiri ali ndi dry-run, yokuonetsani zimene zifufutidwe musanafufutedi. Safunsa anadya phula.

Kufooka kwake kwakukulu ndi kwakuti nkhokwe ndi imodzi, ndipo imakhala yolumikizidwa. Kompyuta imene ingathe kulemba ingathenso kufufuta, ndiye wakuba akailanda walandanso backup. Onse awiri ali ndi njira ya append-only, yoti kompyuta izingoonjezera osachotsa, ndipo kusesa kuzichitikira pa makina ena. Tepi imene ili mu kabati ilibe vuto limeneli, chifukwa palibe ransomware imene imatsegula kabati.

Loko wa pa cloud, ndi mtengo wake

Amazon inabweretsa S3 Object Lock, loko wa zinthu zosungidwa pa cloud (maseva a kampani ina amene mumawafikira pa intaneti), mu 2018, ndipo makampani ena ambiri anatsatira. Mumaika tsiku, ndipo chinthucho sichifufutika tsikulo lisanafike. Mu governance mode, amene ali ndi chilolezo chapadera akhoza kumasula. Mu compliance mode palibe angamasule, ngakhale mwini akaunti. Imeneyi ndi nthawi yosungira yokhala ndi mano, chifukwa njira zina zonse zija zimadalira kuti pulogalamu ndi woiyendetsa akhale akhalidwe labwino. Koma walira mvula walira matope: mukalakwitsa n'kulemba zaka 10 m'malo mwa masiku 10, mudzalipira malowo zaka zonsezo.

Malo otchipa kwambiri alinso ndi nthawi yawo yokakamiza. Glacier Deep Archive ya Amazon imalipiritsa masiku 180 ngakhale mutafufuta pa tsiku lachitatu, ndipo kubweza zinthu kumatenga maola ambiri, mwina 12. Ndi malo a agogo, osati a ana. Ndipo musanasankhe cloud, werengerani kuti kutsitsa 500 GB pa intaneti yanu kungatenge masiku angati ndi mabandulo angati.

Amene amakonda kudzilembera okha ka script, kapena kuti kapulogalamu, kofufuta zakale amve izi. Mu Disembala 2021, kompyuta yaikulu ya Kyoto University ku Japan inataya pafupifupi 77 TB, mafayilo okwana 34 miliyoni a magulu 14 a ofufuza. Script ya backup, imene mbali yake ina inali yochotsa mafayilo a log, aja olemba zimene kompyuta yachita, opitirira masiku 10, inasinthidwa ili m'kati moyenda, ndipo inayamba kufufuta mafayilo enieni a ofufuzawo. Kampani ya HPE, imene inasintha script-yo, inavomera kulakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chipangizo chenichenicho

Kulembanso pa tepi kuli ndi malire. Opanga LTO amawerengera maulendo mazana ochepa olemba tepi yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndiye matepi a ana apumitseni pakapita zaka zingapo, kapena akwezeni akhale agogo kuti akapume mu kabati. Makina owerengera nawo amakalamba. Mpaka pa LTO-7, makina ankawerenga matepi a mibadwo iwiri ya m'mbuyo, koma LTO-8 imawerenga m'badwo umodzi wokha, wa LTO-7. Kusunga tepi ya LTO-5 zaka 10 popanda makina oiwerengera n'kungosunga pulasitiki. Pa zinthu zimene siziyenera kulembedwanso konse, pali matepi a WORM, olembedwa kamodzi kokha, amene alipo kuyambira pa LTO-3.

Kubwezeretsa tepi mu mzere sikutanthauza kuti yasesedwa. Mukalemba 50 GB koyambirira kwa tepi imene inali yodzaza, makina amaika chizindikiro chakuti zathera apa, koma zakale zimakhalabe kuseri kwa chizindikirocho. Pogwiritsa ntchito mu ofesi momwemo palibe vuto. Pogulitsa kapena kutaya ndi nkhani ina. Ena amati aipititse pa maginito amphamvu, osadziwa kuti LTO ili ndi timizere totsogolera mutu wa makina tolembedwa ku fakitale, ndipo maginito amatifufutanso, tepi n'kufa. Njira yosavuta ndi kulemba mwachinsinsi kuyambira pachiyambi, poti makina a LTO-4 kupita m'tsogolo amatha kutero okha. Mukawononga kiyi, zotsalazo sizingawerengeke.

Nanga ine ndingasankhe iti? Kwa sitolo, sukulu kapena tchalitchi chopanda munthu wa makompyuta wokhazikika, ndingatenge restic kapena Borg, ndi 7, 4 ndi 12 uja, pa madisiki awiri a USB osinthana Lachisanu lililonse, ina ikugona kunyumba kwa msungichuma. Disiki iliyonse ikhale yaikulu kawiri kapena katatu kuposa zimene mukusunga, ndipo prune iziyenda backup ikatha bwino, osati isanayambe. Kwa bungwe lokhala ndi maseva angapo, makina a matepi, ndi munthu amene amawerenga mauthenga m'mawa uliwonse, ndingatenge Bacula kapena Bareos ndi ma Pool atatu: ana masiku 21, abambo masiku 62, agogo masiku 400 kuti a Januwale wa chaka chatha asapite a Januwale uno asanafike bwinobwino. File Retention ndi Job Retention ndingazikweze zifanane ndi ya agogo, ngakhale kalozera atupe, ndipo mu Scratch ndingasiyemo matepi awiri atsopano.